Madzi Obwera Popanda Mvula

Anthu a m'komboni ya George mu Lusaka amene anakwerapo maminibasi akale opita ku tauni amawadziwa ba Chishimba. Anafika mu Lusaka ali mnyamata kuchokera ku Kasama, alibe nsapato zooneka, koma ali ndi mawu omveka kuchokera pa siteshoni mpaka kumsika. Anayamba ndi kuitanira anthu. Kenaka anakhala kondakita, wolendewera pachitseko, womenya denga la basi ndi chikhatho kuti dalaivala aime kapena anyamuke. Pambuyo pake anagwira okha chiwongolero, ndipo sanachisiye mpaka tsitsi linayera. Njira inali yomweyo tsiku ndi tsiku: George, Matero, tauni, n'kubwerera. Akazi awo, ba Hilda, ankaseka kuti maulendo onsewo akanalumikizidwa akanafika kumathero a dziko, koma mwini wakeyo chifikireni mu Lusaka anali asanapitirirepo Chongwe, katauni ka pafupi pomwepo.

Mwini mabasi atamwalira, ana ake anagulitsa mabasi onse kupatula imodzi yakale kwambiri imene palibe anaifuna. Imeneyo anapatsa ba Chishimba ngati chotsanzikirana nacho. Anaikokera pakhomo n'kuikhazika pa miyala, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mipando. Ba Chishimba anatulutsa kampando kathabwa, n'kukhala pafupi ndi chitseko cha nyumba, manja ali pa maondo. M'mawa anali pomwepo, madzulo pomwepo. Anasiya kupita ku msonkhano wa azibambo ku tchalitchi. Chakudya ankangochigwira n'kusamba m'manja. Ku kiliniki anawapima n'kunena kuti palibe matenda.

Ba Hilda ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Akamabwera madzulo, kapena akamachokera kukatunga madzi pa kiyosiki, ankayamba kuona mutu woyera uja ali chapatali, ndipo mtima unkawagwa. M'komboni anali ataona amuna angapo amene kampando kotero kanawatenga: munthu wasiya ntchito ali wamphamvu, chaka chisanathe anthu akuimba nyimbo pakhomo pake. Sanauze munthu aliyense za mantha awo. Ankangogwada asanagone n'kupempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti amuna awo adzuke pa kampandoko.

Tsiku lina anawatuma ku tauni kukagula mbewu za repu, pongofuna kuti ayendeko. Ba Chishimba anabwera opanda mbewu. Anali ataona galimoto ya alendo a kunja itaima pomwetsera mafuta, chitseko chili chotsegula, m'kati muli bedi, kabati ndi kachitofu. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita molunjika kwa ba Salumu, kalipentala woyandikana nawo, kukabwereka tepi yopimira.

Ntchitoyo inatenga pafupifupi chaka. Anachotsa mipando yonse yakumbuyo. Injini anaimasula kachidutswa ndi kachidutswa pa saka yoyala pansi, anzawo akale a pa siteshoni akuwabweretsera zitsulo zotsala. Ba Salumu anapanga kabati, ndipo bedi analipanga ndi matabwa a mukwa a bedi lenileni la ba Chishimba ndi ba Hilda, lomwe anagula atangokwatirana. Ba Hilda anasoka makatani a chitenje. Kumbuyo anamangirira zigubu za madzi, mbaula ndi thumba la makala. Odutsa ankaima n'kufunsa.

"Ba Chishimba, muzayamba liti kunyamula bantu? Manje mipando mulibe, ba pasenja bazagona?"

"Iyi basi ili na pasenja mmodzi chabe," ankayankha, "ndipo analipira kale."

Ba Hilda analibe chilakolako cha nyanja. Chimene anaona n'chakuti amuna awo ayamba kupempha ndiwo zowonjezera, ndipo kampando kaja kayamba kugwa fumbi. Choncho ba Chishimba atanena kuti akufuna kukaona nyanja yaikulu ya mchere ku Mozambique, ba Hilda anangofunsa kuti anyamule mapoto angati.

Mwana wawo woyamba, Mwenya, anabwera kuchokera ku Kalingalinga atakwiya.

"Ba mayo, naimwe muvomera? Iyi motoka ni nkhalamba kuchila ine. Ikafera mu thengo muzachita bwanji?"

"Nivomera," anatero ba Hilda. "Ikafa iyi motoka, ba tata bako bazabwerera paja." Analoza kampando ndi mlomo. Mwenya anayang'ana kampandoko. Sabata yotsatira ndi iye amene anawathandiza za mapepala a paulendo.

Ba Salumu, amene makolo awo anachokera ku Mangochi, ndiwo okha m'deralo amene ankadziwa za madzi ambiri, ndipo malangizo anapereka mosakayika.

"Nyanja ni nyanja, ba neba. Mukafika, muimike pafupi na manzi, pa mchenga. Mphepo ithamangitsa udzudzu. Ise kwathu tinali kugona pamenepo."

Ananyamuka m'nyengo yachilimwe, mvula ikadali kutali. Ba Chishimba ankayendetsa pang'onopang'ono, ngati munthu amene moyo wake wonse anathamangitsidwa ndipo tsopano palibe womudikira. Pa mlatho wa Luangwa anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mtsinje ndi kutsutsana ndi amayi ogulitsa nsomba zouma. Anadutsa Katete, n'kuwoloka malire pa Chanida. Ku Tete kunatentha moti sopo anasungunuka m'kabati, koma anthu a kumeneko ankamvana nawo bwino. Atapitirira Chimoio chilankhulo chinatha, anatsala ndi manja ndi kumwetulira. Ankagona m'mabwalo a matchalitchi kapena pomwetsera mafuta, ndipo ba Hilda ankayamba apemphera kenaka n'kutseka makatani.

Chizolowezi chimodzi chinakana kuchoka. Munthu akangoima m'mbali mwa msewu, phazi la ba Chishimba linkapita lokha pa buleki.

"Bashi Mwenya," ankatero ba Hilda, kuwatchula mwa kwawo kuti bambo a Mwenya, "si ba pasenja abo. Bayembekeza chabe mbuzi zawo."

Ba Chishimba ankayankha mayi a Mwenyawo kuti, "Phazi ndiye siimvera, bana Mwenya. Ine namvera."

Atawoloka mtsinje wa Save, dothi linayamba kuyera. Mitengo ya kokonati inachuluka, mpweya unayamba kunyowa ndi kumata pakhungu. Anasiya msewu waukulu n'kutsata kamsewu kolowera kum'mawa, ndipo pamwamba pa kachitunda ba Chishimba anazimitsa injini. Kutsogolo kwawo dziko linali litatha. Kunali madzi obiriwira pafupi, akuda chapatali, opanda tsidya lina, ndipo timabwato ta matanga tinkayenda pamwamba pake ngati agulugufe. Ba Hilda anatsika n'kuyenda mpaka pamadzi, chitenje atachikwinya m'manja. Anatunga ndi chikhatho, n'kulawa, n'kulavula.

"Mayo! Manzi yonse aya, kulibe na mzere, kulibe wolipilitsa, koma sungaphikire na tiyi."

Ba Chishimba anaseka mpaka kutsokomola. Ba Hilda anali ataiwala kuti kuseka kwawo kumamveka bwanji.

Masiku otsatira anayenda cha kumwera motsata gombe, mopanda changu. Penapake msewu unkabisala m'mitengo ya kashu, kenaka n'kutulukira pamalo pamene nyanja yonse inkaoneka. Ankaima pamene afunira. Anadya nkhanu koyamba, ba Hilda akuziyang'ana mokayika, ba Chishimba akuswa zigoba ndi sipanala. Anamwa madzi a kokonati. Anadzaza mabotolo a madzi a m'nyanja amene amayi a ku tchalitchi anawatuma. Galimoto ankaisiya kumtunda pansi pa mitengo, poti timisewu tinkathera pomwepo. Sanagone malo amodzi kawiri. Akapeza madzi ali pafupi ndi mitengo ankati kuno n'kozama, akawapeza ali kutali ankati kuno n'kosaya, ndipo sanaganize zina.

Tsiku lina chakum'mawa anafika pamudzi wa asodzi pamene kamsewu kanatsikira pamchenga penipeni. Madzi anali kutali kwambiri, akungonyezimira. Pakati panali mchenga wosalala, wolimba, wotakasuka kuposa msewu uliwonse wa ku George. Mabwato anali atagona cham'mbali pouma, zingwe zawo zili lende.

"Ona," anatero ba Chishimba mwachisoni. "Na kuno chilala chavuta monga ku damu ya Kariba. Maboti yakhala pa mchenga."

Anakumbukira mawu a ba Salumu. Analowetsa galimoto pamchengapo, matayala akulira bwino, n'kukaima patali ndithu, pafupi ndi bwato lina lalikulu. Ba Hilda anayatsa mbaula n'kukazinga nsomba. Anachapa malaya awiri a amuna awo ndi madzi a m'chigubu, n'kumanga chingwe kuchokera pa galimoto kukafika pa bwato.

Mayi wina wonyamula dengu la nkhono anapatuka n'kuwayandikira. Analankhula mawu ambiri, akuloza kumadzi, kenaka galimoto, kenaka kumtunda, akukweza dzanja mpaka m'chiuno. Ba Hilda anamva ndithu kuti akunena za madzi osefukira. Koma za madzi osefukira ankazidziwa bwino. Ku George madzi amachokera kumwamba. Mitambo ikada, umakweza thumba la ufa pa tebulo, umaika matumba a mchenga pakhomo, umadikira. Anayang'ana kumwamba mbali zonse. Kunalibe ngakhale kamtambo. Anathokoza mayiyo, n'kumupatsa tomato atatu, akuganiza kuti akuwachenjeza za dzinja. Mayiyo anapukusa mutu, n'kupita kumudzi mofulumira, akucheukacheuka.

Atadya, ba Chishimba anagona pa bedi m'galimoto, chitseko chili chotsegula. Ba Hilda anakhala pamthunzi wa galimoto akusenda nyemba, akuimba chamumtima. Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene anamva mbaula ikulira ngati yathiridwa madzi. Atacheuka anaona patapata wawo mmodzi akuyandama. Bwato lija linali litayamba kudzuka lokha. Madzi sanabwere ndi phokoso. Anangofika, opyapyala ngati otayika m'beseni, ndipo ena anali atazungulira kale kumbuyo, pakati pa galimoto ndi mudzi.

"Bashi Mwenya! Ukani! Nyanja yabwera!"

Ba Chishimba analumphira pa chiwongolero alibe malaya. Injini inalira koyamba komwe. Koma mchenga umene unali wolimba m'mawa unali utafewa ngati phala. Matayala akumbuyo anazungulira n'kudzikumbira dzenje. Anayesa giya yobwerera, galimoto inatitimira kwambiri. Anayesanso. Kenaka anazimitsa injini, n'kutembenuka pa mpando, miyendo ili kunja, manja ali pa maondo, maso ali pansi.

Ba Hilda anawaona atakhala motero, ndipo zinawaopsa kuposa madzi. Kanali kakhalidwe komwe kaja ka pakhomo. Anadziwa kuti nyanja ikatenga galimotoyi, iwo adzabwerera ku Lusaka pa basi ya eni ake, ndipo amuna awo adzatsikira pa kampando kaja osadzukanso. Anapemphera mawu ochepa chabe. Kenaka anamenya denga la galimoto ndi chikhatho, kawiri, mwamphamvu, monga amachitira kondakita.

Mutu wa ba Chishimba unadzuka wokha.

"Imwe," anatero ba Hilda, "mu George nthawi ya mvula munali kuchita bwanji basi ikajomba mu matope? Munali kukhala so?"

"Tinali kuika mapulanga pansi. Manje pano tizayapeza kuti?"

Ba Hilda anali atakoka kale matiresi n'kuwaponya padenga.

"Iyo ni bedi yathu, bana Mwenya."

"Tizagona pansi. Tinayambira pansi. Chotsani!"

Anazula matabwa a mukwa aja limodzi ndi limodzi. Ba Chishimba anagwada m'madzi n'kuphwetsa matayala pang'ono kuti agwire bwino, ba Hilda akukumba mchenga kutsogolo kwa matayala ndi chivundikiro cha poto. Analowetsa matabwa. Galimoto inakwera pang'ono n'kubwereranso. Inkafunika anthu okankha, ndipo anthu anali kutali, timitu tokha tikuoneka pansi pa mitengo ya kokonati. Madzi anali atafika m'akakolo n'kupitirira.

Ba Chishimba anaponda pa chitseko, dzanja limodzi litagwira denga, thupi lili kunja monga ankachitira ali mnyamata. Anakoka mpweya. Analibe liwu ngakhale limodzi la chilankhulo cha kumeneko, choncho anaitana ndi mawu okhawo amene pakhosi pawo pankadziwa.

"Tauni! Tauni! Matero, tauni! Tiyeni ba mayo, tiyeni ba kamba, malo yaliko! Mmodzi chabe tiyende! Tauni!"

Ankamenya denga uku akuitana, ndipo mawuwo anayenda pamwamba pa madzi mpaka kumudzi. Kunena zoona, asodzi anali atanyamuka kale, chifukwa mayi wa nkhono uja anali atawauza za alendo ouma mutu. Koma atamva kufuulako anayamba kuthamanga, ena akuseka, ena akubwereza mawuwo osadziwa tanthauzo lake. Anafika ambiri, amuna ndi akazi, atanyamula chingwe chokokera khoka. Anachimanga kutsogolo. Ena anagwira chingwe, ena anaika mapewa kumbuyo, ba Hilda ali pakati pawo, chitenje chitanyowa mpaka m'maondo, phewa lawo likugundana ndi la mayi wa nkhono.

Galimoto inatuluka m'dzenje ndi kubuula. Ikayenda pang'ono, anthu ankatola matabwa kumbuyo n'kuthamanga nawo kutsogolo. Thabwa limodzi linathyoka. Lina madzi analitenga, ndipo palibe amene analitsatira. Pamalo otsika paja pamene madzi anazungulira kumbuyo, madziwo anafika pa chitseko, injini inatsokomola, ba Hilda anatseka maso. Atawatsegula, matayala akutsogolo anali pamchenga wouma. Anakokabe mpaka pansi pa mitengo, pamene udzu unayambira.

Ba Hilda anasiya kukankha. Anakhala pansi pomwepo, akupuma, misozi ikutsika yokha. Pamene galimoto inaima m'mawa panali nyanja yokhayokha. Bwato lija linkavina pamadzi, malaya awiri a ba Chishimba akukoka chingwe kumbuyo kwake. Mbaula inapita, pamodzi ndi nyemba ndi patapata.

Mayi wa nkhono anakhala pambali pawo. Anatambasula manja n'kuwabweza pachifuwa, anatambasulanso n'kuwabweza, kenaka analoza dzuwa n'kuonetsa zala ziwiri. Apo m'pamene ba Hilda anamvetsa kuti madziwa amapita n'kubwera kawiri tsiku lililonse, mvula igwe kapena isagwe. Anagwira dzanja la mayiyo ndi manja awo onse awiri, ndipo sanalisiye msanga.

Koma maso awo anali kwa amuna awo. Ankadikira kuona ngati akhala pansi n'kuika manja pa maondo. Ba Chishimba sanakhale. Anali pansi pa galimoto, akutsuka mchere ndi madzi a m'zigubu, akulamula asodzi ndi manja kuti wina agwire apa, wina abweretse pampu. Atatuluka anali ndi mchenga m'tsitsi monse.

"Bana Mwenya, kuli chakudya? Njala yanipha."

Ba Hilda anaseka uku akupukuta misozi. Madzulo amenewo anaphika pa moto wa eni mudzi, ndipo anagawa tomato ndi anyezi onse amene anatsala. Msodzi wina anabweza malaya aja atawafinya. Wina anabwera ndi thabwa la bwato lakale, lolemera, lokhala ndi utoto wobiriwira mbali imodzi, n'kuliyeza pa bedi. Linakwana atalidula pang'ono.

Anakhala pamudzipo masiku angapo, galimoto ili kumtunda. M'mawa uliwonse ba Chishimba ankaima pansi pa mitengo n'kumaonerera madzi akuchoka, masana n'kumaonerera akubwera, akupukusa mutu ngati munthu woona basi yosunga nthawi koyamba. Foni itagwira, anaimbira ba Salumu.

"Ba neba, ija nyanja yanu ya ku Mangochi ni chitsime chabe. Iyi ya kuno iyenda. Inabwera kutitenga pa lanchi."

"Iyenda bwanji? Ba Chishimba, mwayamba kumwa?"

"Funsani bana Mwenya. Bedi yanu ndiye inatipulumutsa. Koma malangizo yanu, awe shuwa."

Kuseka kwa ba Salumu kunamveka mpaka kwa ba Hilda. Kwa Mwenya sananene kanthu kufikira atabwerera, poopa kuti angawatumizire basi yowabweza kunyumba.

Anafika ku George mitambo yoyamba itayamba kusonkhana. Mabotolo a madzi a m'nyanja anafika kwa eni ake, ngakhale ba Hilda anawachenjeza kuti madzi amenewo alibe ulemu. Galimoto ili pakhomo mpaka lero, pamalo okwera amene ba Chishimba anathirapo miyala chifukwa cha dzinja, ndipo bedi lake lili ndi thabwa limodzi lobiriwira pakati pa a mukwa. M'mawa amaitsegula injini, amaipukuta, amakangana ndi ba Salumu za denga lotsegula limene akufuna kuikapo. Akayamba kufotokoza za tsiku lija pa msonkhano wa azibambo, madzi amakwera chaka ndi chaka, ndipo pano afika m'khosi. Ba Hilda samawatsutsa.

Kampando kaja anakatenga n'kupita nako kumsika. Amaikapo beseni la tomato.